Malume ndi Galimoto Yobiriwira

Malume anga ndi makaniko, koma si makaniko wa chilichonse. Pa galaja ankawaitana kuti a Mapoyinti, chifukwa ndi iwo okha amene ankadziwa magalimoto akalekale, aja amene moto wake umagawidwa ndi kabokosi kozungulira kotchedwa distribyuta. M'kabokosimo muli tizitsulo tiwiri tomwe timatseguka n'kutsekeka injini ikamazungulira. Mapoyinti ndi amenewo. Mpata wa pakati pake ndi wochepa ngati chikhadabo. Ukalakwika pang'ono chabe, galimoto imatsokomola, kenako zii.

Anayamba ntchito pa galaja imeneyo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, akusesa pansi. Pano imvi zili mbuu. Akazi awo atamwalira anabwera kudzakhala kwathu, poti amayi anga ndi mlongo wawo. Munthu ngati ameneyu palibe amene amamulemba m'nyuzipepala, n'chifukwa chake ndikulemba ine.

Chaka chino malume anayamba kuiwala. Tsiku lina anathira shuga mu tiyi kanayi. Tsiku lina anandiitana dzina la amayi, osaseka. Ku galaja analakwitsa kawiri: anasiya sipanala mu injini ya munthu, kenako anatulutsa galimoto waya wa batire ali wosamanga. Abwana a galaja anawauza pamaso pa onse kuti, "Mdala, kachitatu mukapuma kunyumba."

Amayi atamva anangokhala pansi. "Achimwene akachoka pa galaja paja atha," anatero. Poti ine ndinamaliza sukulu ndipo ndikungozungulira pakhomo, anayamba kundituma masana kukapereka chakudya. Koma tonse awiri tinkadziwa kuti akundituma kukayang'ana.

Lachinayi lina ndinapeza galimoto yobiriwira, yayitali, ya mabampala onyezimira, itaima pakati pa galaja. Mwini wake anali nkhalamba ya ndodo, yovala suti dzuwa lili phwee. Ankaibweretsa miyezi itatu iliyonse, ndipo sankalola wina kuigwira kupatula malume.

Makaniko mnzawo, amene amamutcha Kompyuta chifukwa sakonza kanthu asanalumikize kamakina kake, anakuwa ali kunsi kwa galimoto ina. "A Mapoyinti, chibwenzi chanu chafika! Nonse awiri akukudikirani ogula zitsulo zotha."

"Iwe, ineyo ndinkaliza injini bambo ako asanamere mano," malume anayankha, anthu n'kuseka.

Anatsegula boneti, n'kumasula chivundikiro cha distribyuta. Anazula rota, kanthu kakuda ngati chala kamene kamazungulira kugawa moto ku mapulagi, n'kukaponya m'thumba la malaya. Amakaniko akale amatero. Amati kakagwera pansi pa mafuta ndi utuchi sukapezanso, ndipo m'masitolo kanasiya kale kupezeka.

Kenako manja awo anayamba ntchito, ine mtima n'kukhala pansi. Anapala mapoyinti ndi kafailo kopyapyala mpaka kuda konse kutachoka, n'kupukuta ndi pepala loyera. Anazunguliza injini ndi dzanja, pang'onopang'ono, mpaka tizitsulo tija titayasama. Analowetsa kachitsulo koyezera mpata, anamanga kasikulu, anayezanso, anapaka kagirisi ndi nsonga ya chala. Anabwezera chivundikiro n'kuwongoka.

"Lizani, akulu."

Nkhalamba ija inapotokola kiyi. Injini inazungulira, inazungulira, osagwira.

"Lizaninso."

Chimodzimodzi. Kachitatu batire inayamba kulira mofooka, ngati munthu wodwala akutembenuka pa bedi. Nyundo imene inkagogoda kuseri inasiya. Abwana anatuluka mu ofesi n'kuima pakhomo, manja ali kumbuyo.

Malume anatsegulanso chivundikiro. Ndinasendera pafupi. Pakati penipeni panali kamtengo kachitsulo kali mbulanda, popanda rota. Ngakhale ine, amene sindinagwirepo sipanala, ndinaona kuti pakusowa kanthu. Malume anayang'ana pomwepo nthawi yayitali. Kenako anatenga kachitsulo koyezera n'kuyambanso kuyeza mpata umene anali atauyeza kale.

Thumba la malaya awo linali litatupa. Ndinadziwa kuti ndikalankhula mokweza, galaja yonse idziwa. Ndinaika kontena ya chakudya pansi n'kupita pambali pawo.

"Malume, mwadetsa malaya apa," ndinanong'ona, uku ndikugogoda thumbalo ndi chala ngati ndikusasa fumbi.

Anapisa dzanja n'kutulutsa rota ija. Ndinkayembekezera kuti aseka, aibwezera mwachangu wina asanaone. Koma anaikweza m'mwamba, anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa mokweza, mwaulemu, ngati munthu amene watola chinthu pamsewu:

"Kodi ichi n'cha ndani?"

Wailesi yokha ndi imene inkalankhula pa shelefu.

Kompyuta anatuluka kunsi kuja, anapukuta manja, n'kubwera. Nthabwala zonse zinali zitamuthera. "Bweretsani, bambo, ndikuthandizeni," anatero, akulandira ndi manja awiri. Anaiveka pamalo pake, n'kutseka.

Kiyi itangopotokoledwa, injini inagwira nthawi yomweyo. Inkalira mosalala moti kapu ya madzi ikanakhala pa boneti osatayika. Mwini wake anazimitsa, anatuluka, n'kuyang'ana abwana.

"Bwana, galimoto iyi sinalirepo bwino chonchi. Ntchito ya munthuyu ilibe vuto."

"Ndamva, akulu," abwana anayankha. "Koma mawa adzakhala mabuleki a munthu."

Sanakalipe. Anangoyandikira malume n'kuwagwira paphewa. "Mdala, tengani bokosi lanu. Mwagwira ntchito, pakwana."

Malume anagwedeza mutu ngati awauza za nyengo. Anapukuta zida zawo chimodzichimodzi, chilichonse n'kuchiika pamalo pake, osaphonya. Nkhalamba ija inafunsa kuti, "Nanga ine ndizipita kwa ndani?"

Bokosilo ndinanyamula ine. Amayi atationa tikulowa nalo dzuwa likadali pamutu, anatembenuka. Analowa kukhitchini n'kutseka chitseko.

Papita milungu itatu. M'mawa uliwonse malume amadzuka, amasamba, amavala ovolosi yawo, n'kunena kuti achedwa. Amayi amawauza kuti lero ndi Lamlungu. Masiku ena amakhulupirira. Lolemba lapitali sanakhulupirire, ndipo tinakawapeza madzulo pa msewu wina wakutali, mbali imene kulibe galaja, ataweramira galimoto ya munthu wosamudziwa akufunafuna potsegulira boneti.

Tsopano amayi amakhoma geti ngakhale masana, kiyi n'kuimangirira m'chiuno.