Mavesi Asanu pa Bedi la Aphunzitsi Anga

Zilembo zinayamba kundivinira ndili mwana. Ndikayang'ana pa bolodi, mzere wapamwamba unkatsikira m'munsi, wam'munsi n'kukwera, ine n'kungoti kakasi. Aphunzitsi athu a sitandade 3 ku Tengani analibe nazo ntchito zimenezo. Ankandiimika kutsogolo, kundimenya ndi rula pa zala, kenako n'kulamula kalasi yonse inene pamodzi kuti mutu wanga ndi dzungu. Ndinasiya sukulu chaka chomwecho n'kukapirikitsa mbalame m'munda wa mapira. Ndinalumbira kuti tsiku lina munthu ameneyo adzandimva ndikuwerenga, afune asafune.

Choipa n'chakuti aphunzitsiwo sanatsale kusukulu, anasamukira m'mutu mwanga. Ndikapsereza ndiwo, ndikaiwala khasu kudimba, pakamwa panga pankatuluka mawu awo omwe aja: ndiwe dzungu, palibe chimene ungathe. Ndinakwatiwa nawo mawuwo ku Chikwawa, n'kubereka nawo ana anayi.

Atabwera matipate, m'mudzi mwathu munatsegulidwa sukulu ya kwacha. Ine ndinapitako chifukwa cha mkwiyo, osati kukonda maphunziro ayi. Alangizi ake, mayi wamfupi wa Chisena chothamanga, anandimva tsiku lina ndikudzitukwana pansipansi. Anandiuza kuti anthu amene zilembo zimawavinira alipo ndithu, ena mpaka m'maofesi, ndipo si uchitsiru, ubongo wathu unangoumbidwa mwamtundu wake. Anandiboolera kazenera pa katoni ya sopo kuti ndiziona mzere umodzi wokha. Za dzungu anandiletseratu, n'kundilamula kuti ndisanatsegule buku ndizilankhula mokweza.

"Musatiuze kuti ndinu ndani, mayi. Tiuzeni chimene muchite lero."

Ndinaona ngati zachibwana, komabe ndinkanena. Lero ndiwerenga mizere itatu. Lero ndifika pansi pa tsamba, ngakhale anzanga aweruke andisiye. Chitonzo chikafika pakamwa ndinkachimeza n'kunena za mizere. Chimene alangiziwo sankadziwa n'chakuti kunyumba ndinali ndi mawu anga ena apadera: ndidzawerenga pamaso pa munthu uja, ndipo adzasowa poyang'ana.

Panapita zaka zambiri. Lachinayi lililonse amayi a mpingo wathu tinkakaona odwala kuchipatala cha pa boma. Pa bedi lililonse mlembi wathu ankawerenga mavesi, wina n'kupemphera. Ine ntchito yanga inali kusenza chigubu cha thobwa. Tsiku lina titalowa mu wodi ya abambo, ndinamva munthu akukalipira mkazi wake chifukwa chomupatsa madzi ofunda. Ndinawazindikira mawuwo ndisanatembenuke n'komwe. Anali aphunzitsi anga, atakalamba, atawonda, maso onse atachita ng'ala. Ndisaname, ndinakondwa kuti ndawapeza akadali moyo.

Ndinatula chigubu n'kulanda Baibulo m'manja mwa mlembi. Iye ananditong'olera maso, ine osamulabadira. Mawu akale aja anadzuka m'mutu, mwiniwake ali gone pomwepo. Ndinanena mokweza kuti ndiwerenga mavesi asanu mpaka kumapeto. Anzanga anayesa ndikulengeza kwa odwala, koma ndinkadziuza ndekha.

Ndinatulutsa katoni yanga m'chikwama n'kuiyika pa tsamba. Kunali kutentha kwa Okutobala, thukuta likuyenderera mpaka m'zigongono. Ndinawerenga pang'onopang'ono. Kawiri konse ndinakodwa pa mawu aatali, mlembi n'kutsegula pakamwa kuti andithandize, koma ndinamuponda chala. Vesi lachisanu ndinalimaliza ndekha.

"Takhuta, mayi," anathokoza aphunzitsiwo. "Mumawerenga momveka. Munaphunzitsidwa bwino."

Magazi anandiwira. Ndinawerama mpaka pakhutu pawo n'kuwauza zonse: sukulu ya ku Tengani, rula ija, kalasi yonse ikundikuwiza, ndi zaka zimene ndinakhala ndikudzinyoza ndi mawu awo. Ndinkafuna alire, kapena apepese. Ngakhale akanakana, ndinali nditakonzeka kukangana nawo wodi yonse ikumva. Iwo anakwinya nkhope ngati munthu amene akuyesetsadi kukumbukira.

"Analipo ambiri otero, mayi. Inu ndinu uti?"

Zaka zonsezo ndinkadzuka nawo, kulima nawo, kugona nawo, pamene iwo analibe ngakhale nkhope yanga. Dzina langa sindinawauze. Mlembi ankandikoka chitenje kuti tisunthe, dzanja lina atatambasula kuti ndimubwezere Baibulo. Sindinabweze. Pa bedi lotsatira ndinawerenganso ine, mokweza kuti aphunzitsiwo amve.