Kadengu ka Ulendo wa ku Lilongwe

Dzulo ndikusita jekete la abambo, mphepo inabweretsa fungo la tiyi wa kufakitale, ndipo ndinakumbukira chaka chimene anandilonjeza kukaona Lilongwe masiku awiri. Ine ndinkaganiza kuti Lilongwe ndi esiteti yaikulu kuposa yathu ya ku Thyolo, choncho ndinakonzeratu kadengu kanga kothyolera tiyi.

"Kadenguko n'kachiyani, iwe?" anafunsa abambo.

"Nanga akapitawo a kumeneko akatilola kulowa opanda dengu, ababa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kumeneko tiyi amangomwa, mwanawe, sathyola."

Mvula inabwera msanga, tiyi anaphuka, tchuthi anawakaniza. Sitinapite.

Loweruka lino ndikuwatenga ine kupita nawo ku Lilongwe. Moyo wawo wonse athyolera ena. Kumeneko akakhale pansi, wina awathirire tiyi.