Chinsalu Chimene Ndinawasokera Achimwene

Achimwene anga anali onyamula katundu wa alendo pa Likhubula. Kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kuwatuluka m'ndevu, ntchito inali yomweyo: chikwama cha mwini kumsana, ulendo wokwera phiri mpaka ku Chambe. Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ina pa Nkando. M'mimba mwa amayi tinatulukamo awiri okha, ndipo amalume atamwalira, mwinimbumba anatsala iwowo. Mwana akadwala, banja langa likagwedezeka, ndinkathamangira kwa iwo. Nanga iwo akazungulira mutu, ndithamangire kwa yani?

Chaka china kunabwera alendo achilendo ndithu. Zikwama zawo zinali zazikulu koma zopepuka. Atafika pamwamba anasololamo zinsalu za zingwe zambirimbiri, n'kuziyala pa udzu, n'kudzimangirira, n'kuthamangira kuphompho. Mphepo inawanyamula. Achimwene anatsala okha kukamwa kuli yasa, kenako anayamba kutsika wapansi monga mwa masiku onse, mawondo akulira. Pofika pansi anapeza eniake atasamba kale, akumwa tiyi.

"Chemwali," anandiuza atabwera kudzandiona, "zaka zonsezi ndakhala ndikutsika phiri lija ngati mbuzi, pamene anzathu amatsika ngati akabawi."

Ndinaseka mpaka misozi. Kupusa kwangako!

Mmodzi wa alendowo anali atawaonetsa pafoni munthu wina wa kunja amene anazungulira dziko lonse ali yekha m'dengu, dengulo litalendewera ku chibaluni. Akuti analephera kangapo, n'kumayambiranso. Achimwene anamutenga munthu ameneyu ngati wachibale. Pamaliro, pachigayo, paliponse, nkhani inali ya "mkulu uja wa m'dengu." Ine ndinkawayankha kuti mkulu wanu wa m'denguyo akagwera m'nyanja amakamuvuula ndi sitima, nanga inu mukagwera m'munda wa tiyi adzakutolani ndani, wakabaza? Ankangomwetulira.

Pochoka, mlendo uja anawasiyira chinsalu chimodzi chakale, chofiira, chong'ambikang'ambika. Ananenetsa kuti chinatha ntchito, azingoyanikirapo nandolo, ndipo zingwe zina anadula dala. Koma kumuuza munthu wa njala kuti nyama iyi ndi yongoonera! Sabata isanathe chinsalu chinafika pakhonde panga, pamodzi ndi zingwe za nayiloni zogula pamsika.

"Sindisoka," ndinatero. "Mukafune wina wokuphani, osati ine."

Sanakwiye. Anakhala pansi pafupi ndi makina anga, n'kutulutsa singano yosokera matumba ndi ulusi wosolola pa thumba la feteleza, n'kuyamba kusoka okha. Anthu inu, msoko wake! Chala chinkalowa n'kutulukira kuseri. Ndinayang'ana kumbali, ndinapondaponda makina ngati sindikuona, koma maso ankabwerera pomwepo. Ndikakana, akaulukira chimenecho. Ndikavomera, ndiye kuti ndawakankha ndine. Ndinawalanda chinsalucho mwaukali.

Ndinachisoka ndikutukwana. Zigamba ndinadula pa maambulera akale, pakuti nsalu yake sidutsa mphepo, ndipo msoko uliwonse ndinaubwereza. Diresi laukwati la mwana wanga yemwe sindinalisoke mosamala chomwecho.

Musaganize kuti ndinangokhala. Ndinapita kwa alamu anga, akazi awo, ndipo anandiyankha akusenda chinangwa: "Ine ndine mkazi chabe. M'bale wanu ndi wanu, mulankhuleni ndinu." Ndinapita kwa abusa. Atapita kukawaona, achimwene anawalandira ndi mpando, anamvetsera mpaka pemphero, n'kunena kuti "Ndamva, abusa," ndipo m'mawa mwake anali pabwalo la mpira ndi chinsalu chawo. Anzawo onyamula katundu ndiye ankachita kuwakuwizira. Azakhali ena anandiuza kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere, imufotere yekha. Ndinati, azakhali, nyanga ya nsatsi ikafota mwana amangolira, iyi ikafota tikumba manda. Chinsalucho kuchitentha ndinaganizako, koma ndimawadziwa achimwene anga: akanalumikiza matumba.

Pabwalo la mpira paja chinsalu chinkawakoka ngati ng'ombe yolusa, iwo n'kumagubuduzika m'fumbi, anthu n'kumafa ndi phwete. Kenako anasamukira pa kachitunda kena m'mphepete mwa esiteti. Tsiku lina anafika pa Nkando zigongono zili zilonda zokhazokha, nkhope ikuwala.

"Ndanyamuka, chemwali! Kutalika ngati denga la nyumba!"

Chimwalirire amayi ndinali ndisanawaonepo akusangalala chotero. Ndinangowapaka mankhwala pa zilondazo.

Chiperoni chitatha, kumwamba kutayera, anabwera ndi zinanazi ziwiri. Anakhalitsa, analangiza ana anga mmodzimmodzi, potsanzika anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti tsiku lokaulukira kuphompho lafika. M'mawa ndinakwera minibasi. Pofika pa Likhubula ndinapeza alamu ataimirira pabwalo, manja ali m'mutu. Achimwene anali atanyamuka kalekale. Kuwatsatira sindikanatha, phiri lija ndi miyendo yanga sizigwirizana. Foni anaisiya pamphasa. Tinangoima, akazi awiri, makosi ali chagada.

Dzuwa litakwera, wina anakuwa, "Uyo! Uyo!"

Kadontho kofiira kanachoka pathanthwe. Sikanagwe. Kanayandama, kanakhota, kanakwera ndithu. Anthu anatuluka m'nyumba, amayi ena anayamba nthungululu. Pamene kanayandikira ndinatha kuona timadontho takuda, zigamba zanga za maambulera. Ndinali ndi mantha, komabe pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Ndi achimwene anga amenewo!" Ndinanyada, inde. Sindingakane.

Kenako mbali imodzi ya chinsalu inapindika ngati tsamba la nthochi lofota. Kadontho kaja kanazungulira, kanazunguliranso, n'kulowa m'mitengo kumtunda kwa nyumba za a zankhalango. Nthungululu zinazima. Alamu anakhala pansi pomwepo.

Anzawo aja anathamangira kumtunda. Madzulo anatsika nawo pa machira a mitengo ndi bulangete, kudzera njira yomwe ija imene iwo ananyamuliramo katundu wa anthu moyo wawo wonse. Anali moyo, ankalankhula. Koma ndinawatsina chala cha kuphazi, osamva. Kuchipatala anatiuza kuti msana unathyoka, ndipo kuyenda tiiwale.

Chinsalu anachibweretsa pambuyo pake, atachikolowola m'nthambi. Ndinachiyala pansi n'kuchiyendera ndi zala. Chinang'ambika pansalu yakale, yofumbwa ija. Pamene ndinasoka ine panali pali gwa, ulusi ngakhale umodzi wosaduka. Apa m'pamene mutu wanga umaima mpaka lero. Ndikanawasiya ndi singano yawo ya matumba, chinsalu chija chikanaphulika pabwalo la mpira pomwe paja, iwo n'kugwa chagada m'fumbi, anthu n'kuseka, basi nkhani n'kutha. Kapena chikanapirira mpaka kuphompho, n'kukawaphera kumeneko. Ndani angandiuze? Ndimafunsa makina anga, sayankha.

Masiku ano amakhala pakhonde, pa mpando umene anawakhomera anzawo, ndipo salola kuti auyang'anitse kwina koma kuphiri. Mwinimbumba wathu uja timachita kumutembenuza. Loweruka lililonse ndimatseka makina n'kupita kukawapumuza alamu. Tsiku lina mkwiyo utandikwera ndinawafunsa kuti, "Ndiye munapindulapo chiyani?"

"Ndinaona minda ya tiyi yonse ngati mphasa imodzi," anatero. "Ndinaona mapiri a ku Mozambiki, kwawo kwa agogo. Kulibe phokoso kumwamba kuja, chemwali. Mkulu uja wa m'dengu tsopano ndimamumvetsa."

Kumukalipira munthu amene sakudandaula n'kutaya malovu.

Loweruka lapitali kunabwera anyamata onyamula katundu kudzawaona, ena atsopano osaidziwa bwino nkhaniyi. Ine ndinali chogwada, ndikuwatikita mapazi ndi mafuta. Anafotokoza zonse, za mphepo, za thanthwe, manja ali m'mwamba. Pomaliza anandiloza, mawu ali odzaza ndi chithokozo chenicheni.

"Mumuone bwino telala uyu. Akanapanda chemwali wangayu, ine sindikanauluka."

Anyamata aja anaomba m'manja. Ine sindinadzutse mutu. Ndinapitiriza kutikita mapaziwo mwamphamvu, mpaka zala zanga kuwawa, koma eniake sanamve kanthu.