Tambala Ziwiri Zomwe Ndinapeka

Bodza limeneli limandilumabe. Likulu litangosamukira ku Lilongwe, ndinali womasulira wa bwana wina wachizungu wa ku Area 10, amene ankafufuza mtengo woyenera wa madzi m'madera atsopano. Titapita ku Old Town, anaitana amayi a kumeneko n'kuwagawira nyemba, nyemba imodzi kuimira ndowa imodzi ya madzi. Ena anawapatsa khumi, ena ziwiri zokha, kuti tione mmene agulitsirane.

Ndinatong'ola maso kudikira malonda. Koma mayi wina, aNabanda, anangokankhira nyemba zawo kwa mnzawo wosowa, n'kundiuza kuti, "Achimwene, auzeni kuti madzi sitimanana."

"Akuti chiyani?" bwana anafunsa, cholembera chili m'manja.

Ndinachita manyazi ngati masewerawo ndawaononga ndine. Ndinakonza tayi n'kuyankha kuti, "Akuti agulitsa pa tambala ziwiri."

Bwana anakondwa, analemba tsamba lathunthu. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti akanalemba chiyani ndikanawauza zoona.

Pomaliza bwana anapempha madzi akumwa. ANabanda anagwada n'kuwapatsa kapu yodzaza. Atamwa, bwana anapisa m'thumba n'kutulutsa tambala ziwiri. ANabanda anandiyang'ana kuti ndimasulire. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.