Siginolo ya Alamu Anga

Ine ndi alamu anga a Fombe tonse timapanga sitima za mawaya ndi zitini, kukumbukira ija inkadutsa pa Chiromo. Kungoti zanga palibe amaziyang'ana.

Chaka chatha iwo anapanga siteshoni yonse pathebulo, mpaka siginolo ya kamkono kofiira, kogwa ukakoka ulusi. Mkazi wanga, mlongo wawo, anawomba m'manja ngati waona ndege. Ine nsanje inandigwira.

"Alamu, apa mwanama," ndinatero. "Pa Chiromo panalibe chimenechi, sitima ankaiimitsa ndi mbendera basi. Bambo anga ankagwira ntchito pompo."

Ankagwiradi pompo, koma yogulitsa mlamba wowamba pamawindo a sitima. Za masiginolo ine sindidziwa kanthu.

A Fombe anazula siginolo ija, ntchito ya milungu itatu. "Mwandithandiza alamu, ndikanachita manyazi pamaso pa akuluakulu." Anakaiponya kudzala.

Potsanzika ndinanamizira kukataya madzi, n'kukaitola.

Ili m'sutikesi mwanga. Mkazi akapita kumsika ndimaitulutsa, n'kumakoka ulusi kuti ndione mmene anailumikizira. Ndapanga zanga zinayi, koma mpaka lero palibe ngakhale imodzi imene kamkono kake kamagwa.