Mpopi wa apongozi

Nyumba imene sukulu inandipatsa nditasamukira ku Katete inamangidwa ndi amishoni kalekale. Kuseri kwake kunali boila: mgolo wachitsulo wogonekedwa m'kati mwa njerwa, pansi pake ng'anjo, pambali chumuni chachifupi. Paipi imodzi inkalowetsa madzi ozizira, ina inkaboola khoma n'kukatulukira m'bafa. Akuti amishoniwo ankasonkhapo malasha amiyala. Ine ndinkasonkhapo malasha amitengo, ndipo akachepa ndinkawonjezera zitsononkho.

Ndinaizolowera msanga. Choyamba ndinkagogoda mgolo kuti ndimve ngati uli wodzaza, chifukwa moto pa mgolo wouma umang'amba chitsulo. Kenako ndinkapala phulusa, n'kuyatsa. Pofika nthawi yosamba madzi amakhala atatentha, khoma la chipinda chogona nalonso lili lofunda.

Chaka china m'mwezi wa Juni apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Vubwi. Maondo awo anali atatupa ndi nyamakazi, ndipo kuchipatala anawauza kuti azipita sabata iliyonse kwa miyezi iwiri, komanso azithowa miyendo ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Ndinkaganiza kuti pa zimenezi nyumba yathu inali yokonzeka kale.

Mkazi wanga anawaonetsa bafa. Ine ndinali m'chipinda china, poti apongozi ndi mkamwini sakhala pamodzi, koma mawu ndinkawamva.

"Muno asambamo ndani?"

"Tonse, amayi."

"Ndiye ine ndivule mmene avulira akamwini? Iwe, unaleredwa kuti?"

Mkazi wanga anatunga madzi otentha m'ndowa n'kuwatulutsira panja. Apongozi anawakananso, akuti madziwo achokera m'chipinda chomwecho. Anayamba kutenthetsa kampoto kamodzi pa mbaula, ndipo madziwo ankazizira asanamalize mwendo umodzi. Patatha masiku khumi sankatha kutsika okha pakhonde. Anauza mwana wawo kuti Loweruka awakweze galimoto, akathowere kwawo. Tonse tinkadziwa kuti akapita, kuchipatala sadzabwererakonso.

Lachinayi nditaweruka ndinapita kumsika kukafuna munthu wokonza mapaipi. Atafika anauzungulira mgolo uja n'kuseka.

"Aticha, bafa yabwino muli nayo m'nyumba, mufuna mpopi wapanja? Mwathamangitsidwa?"

"Ndi wa apongozi."

"Aaa, basi. Musanenenso. Anga anakana ngakhale mpando."

Tinazimitsa moto, tinakhuthula mgolo, ndipo iye anadula paipi yamadzi otentha isanalowe m'khoma n'kuikapo mpopi, kenako n'kuilumikizanso kuti madzi azilowabe m'bafa. Lachisanu ndinamanga kabafa kaudzu pomwepo, khomo lake loyang'ana kumunda. Ndinaikamo mwala waukulu wokhalapo.

Mkazi wanga anawaperekeza kukaona. Apongozi anafunsa ngati madzi a pampopiwo amadutsa m'nyumba. Mkazi wanga anawalondolera paipi ndi chala kuyambira pamgolo mpaka pampopi. Iwo anafunsanso kuti moto amayatsa ndani. Atamva kuti ndine, anati sizingatheke kuti mwamuna wa mwana wawo aziwaphikira madzi osamba, anthu a ku Vubwi akamva adzati chiyani.

Loweruka m'mawa ndinapita kuseri ndi thumba la zitsononkho monga mwa masiku onse. Ndinapeza utsi ukutuluka kale pachumuni. Apongozi anali pampando wawo waufupi, msana atatsamira njerwa zofunda, akupemerera moto ndi chivundikiro cha poto. Ndinaika thumba pansi n'kubwerera. Za galimoto sizinatchulidwenso.

Kuyambira tsikulo boila inakhala yawo. Mkazi wanga anawaphunzitsa kugogoda mgolo asanayatse. Iwo anayamba kusefa phulusa n'kubwezera pamoto timalasha tosapsa, zimene ine sindinkachita. Madzi amene ndinkasamba m'nyumba anali otenthetsedwa ndi iwo, ndipo pa zimenezo sanaonepo vuto. Tsiku lina ndinamva akuuza mwana wawo mokweza, akudziwa kuti ndili pafupi:

"Uwauze akamwini kuti malasha samwaza ngati mbewu."

Anamaliza masabata onse a kuchipatala. Anabwerera ku Vubwi mphepo ya Ogasiti itayamba, akuyenda ndi ndodo koma osagwiridwa. Kabafa kaja kanagwa ndi mvula yachiwiri. Mpopi ndinausiya, ndipo amene analowa m'nyumbamo ine nditachoka amachapirapo zovala.