Majombo Obwereketsa ku Kanyama

Ku Kanyama mvula ikalimbika, msewu wathu umasanduka dambo. Pansi ndi pamwala, choncho madzi salowa, amangokhala n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi. M'mawa anthu opita kuntchito m'tauni amaima m'mphepete mwa madziwo, nsapato zopolisha zili kumapazi, kusowa poponda kuti akafike pokwerera minibasi.

Chaka chimenecho mwana wanga wamkazi, wachisamba, anali mu giredi sikisi. Anaona diresi lofiira pa salaula, pogulitsira zovala za kaunjika, nayamba kulitchula m'mawa ndi madzulo ngati pemphero, akuti akavale pa Pasaka. Ine ndimagulitsa tomato pamsika, ndipo ndalama yanga ndimaidziwa kuwawa kwake. Ndinamuuza kuti wakula, diresilo agule yekha. Ndinatulutsa majombo akale a bambo ake, amene ankavala pa ntchito yomanga, n'kumupatsa kuti ndiwo mpamba wake.

Kusukulu ankalowa masana, ndiye m'mawa uliwonse ankakaima pamadzi paja. Munthu amalipira kangachepe, n'kuvala majombo, n'kuwoloka atanyamula nsapato zake. Mwanayu ali ndi pakamwa ngati ine. Ndinkamumva ndili panjira ya kumsika akukuwa kuti, "Ba boss, muzaononga nsapato, valani majombo!"

Madzulo ndinkamukhazika pansi kuti agawe zimene wapeza: ina ya sopo wotsukira majombo, ina yosunga, yotsala adyere vitumbuwa. Poyamba ankafuna kudyera zonse, koma anazolowera. Ine kumsika ndinatopetsa anzanga ndi kudzitama kuti ndabereka wabizinesi.

Tsiku lina ndinaona akuyenda motsimphina. Ndinamugwira phazi mokakamiza. Pakati pa zala khungu linali litayera n'kung'ambika, likutuluka madzi. Anaulula kuti kasitomala akavala majombo, iye amamutsatira pambuyo wopanda nsapato kuti akawatenge kutsidya. Masabata onsewo mwana wanga ankaponda nyansi zimenezo, nyengo ya kolera, amuna akuluakulu ovala matayi ali patsogolo mapazi ali ouma. Ndinakalipa mpaka aneba anasuzumira pakhomo.

Titachoka kukiliniki, mapazi atapakidwa mankhwala abuluu aja, ndinamuuza kuti asankhe: bizinesi ithe, kapena agule majombo akeake ovala iye, ndi ndalama yake yomwe. Ndalamayo inali ya diresi. Ndikanatha kumugulira ine, ndipo dzanja linkandiyabwa ndithu, koma ndinkafuna adziwe kuti mapazi ake nawonso ndi mpamba.

Zilonda zitapola tinapita kumsika. Iye anathamangira majombo aakulu, oti angakwane bambo ake.

"Aya ndiye yabwino, ba mami," anatero.

Ndinamudziwa msanga. Ankafuna azibwereketsa mapeya awiri, iye n'kumapondabe madzi. Ndinasankha ting'onoting'ono, toti phazi la munthu wamkulu silingalowe ngakhale atalipaka mafuta. Analipira misozi ili chuchuchu, ndipo podutsa pa salaula anayang'ana kumbali.

Sindinamukhulupirire kwenikweni. Ndinkaopa kuti majombo aang'onowo aziwabwereketsa kwa ana asukulu. M'mawa wina ndinasiyira mnzanga tomato n'kupita kukamuzonda, ndakonzeka kale kukalipa.

Ndinamupeza pakati pa madzi. Kutsogolo kunali mayi wina atavala majombo obwereketsa aja. Mwana wanga ali pambuyo, majombo ake kumapazi, atabereka kamtsikana ka giredi wani ka yunifolomu, kamwana ka mayiyo, katamukoleka m'khosi. Atafika kutsidya anakatsitsa bwinobwino, nalandira ndalama ya anthu awiri.

Pobwerera anandiona. Anakweza mwendo umodzi m'mwamba, jombo likudontha matope.

"Navala, ba mami, onani! Manje na bana nipapa kumsana, balipila."

M'malo mokalipa, ndinangomufunsa ngati msana sukumupweteka, iye n'kundiuza kuti ndipatuke, ndikumutchingira makasitomala. Ndinapatuka, n'kuima pamwala ndikuseka, maso ali odzaza misozi, mpaka anawolotsa wina.